Mmene Mungadziwire Mtengo Weniweni wa Gasi Wophikira Kuno Kuchigwa cha Shire

Munthu amene wayamba kuphikira gasi kuno kuchigwa cha Shire satha miyezi yambiri asanaone kuti silinda imodzimodziyo ili ndi mitengo ingapo. Akadzazitsa ku Blantyre amapereka ndalama zina, pa Dyeratu amuuza zina, pa Nchalo zina, ndipo akamafika ku Bangula kapena pa boma la Nsanje amayamba kukayikira ngati akugula chinthu chomwe chija. Ambiri amangogamula kuti ogulitsa gasi ndi akuba. Achinyengo alipodi, koma mbali yaikulu ya kusiyanaku ili ndi zifukwa zomveka, ndipo wogula amene akuzidziwa amatha kuona kuti ndalama izi zapita ku mtunda ndi ku dola, pamene izi zangolowa m'thumba la munthu popanda chifukwa.

Choyamba n'kudziwa chimene chili m'silindamo. Gasi amene timaphikira, amene pa zikalata amalembedwa kuti LPG, ndi propane kapena butane, ndipo kawirikawiri amakhala wosakaniza ziwirizi. Amapezeka pamene akuyeretsa gasi wa pansi pa nthaka komanso pamene akuyenga mafuta a galimoto, kenaka amapanikizidwa mpaka kusanduka madzimadzi kuti athe kulowa m'thanki ndi m'silinda. Dziko la Malawi silipanga gasiyu. Kilo iliyonse imene ikuyaka m'khitchini ya pa Ngabu inagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo inayenda pa msewu kuchokera kumaiko monga South Africa, Mozambique kapena Tanzania. Choncho mtengo wake umayambira kutali kwambiri ndi ife. Kampani ya mafuta ya ku Saudi Arabia yotchedwa Saudi Aramco imalengeza mwezi ndi mwezi mtengo wa propane ndi butane umene amalonda ambiri a padziko lonse amayenderapo, ndipo ku America mtengo umene amayang'ana ndi wa ku Mont Belvieu m'chigawo cha Texas. Mitengo imeneyi imakonda kukwera m'miyezi imene ku Ulaya, ku America ndi kumpoto kwa Asia kukuzizira, chifukwa kumeneko gasiyu amatenthetsera nyumba. N'zodabwitsa pang'ono kuti ifeyo tikamawauka ndi dzuwa la mu November, chisanu cha anthu amene sitidzawaonako chimakhala chikukankha mtengo wa moto wophikira nsima yathu.

Pamwamba pa mtengo wa kunjawo pamabwera nkhani ya kwacha, ndipo kwa ife imeneyi ndiyo yopweteka kuposa zonse. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo nthawi zonsezi katundu aliyense woitanitsa kunja anakwera. Ngakhale kwacha isanagwe, madola akasowa m'mabanki oitanitsa gasi amachedwa kulipira, magalimoto amachedwa kufika, ndipo gasi akachepa m'dziko malo oyamba kuuma ndi akutali ndi mizinda monga kuno kwathu. Apa ndi pamene mumapeza ogulitsa awiri oyandikana ali ndi mitengo yosiyana tsiku limodzi: wina akugulitsa katundu amene anapikula mtengo usanasinthe, pamene mnzakeyo wangotsika kumene ku Blantyre ndi katundu wa mtengo watsopano.

Musanapite kukagula, dziwani mtengo umene bungwe la Malawi Energy Regulatory Authority, limene tonse timangoti MERA, lalengeza. Bungweli ndilo limapereka ziphaso kwa oitanitsa ndi ogulitsa gasi, ndiponso limalengeza mtengo wa kilo imodzi umene wogulitsa sayenera kupitirira. Zilengezo zake zimamveka pa wailesi, zimatuluka m'manyuzipepala ndipo zimapezekanso pa tsamba lake la Facebook. Sindilemba nambala ya mtengowo pano chifukwa imasintha, ndipo munthu wodalira nambala yakale amakakangana ndi wogulitsa wosalakwa. Chofunika kumvetsa n'chakuti mtengo wa MERA ndi denga. Wogulitsa ali ndi ufulu wotsika pansi pake pofuna kukopa makasitomala, zimene zimachitika kwambiri m'mizinda momwe ogulitsa ali ambiri, koma alibe ufulu wokwera pamwamba pake n'kumanena kuti ndiwo mtengo wa gasi. Ngati wakubweretserani silinda mpaka pakhomo, kapena ngati akungokutengerani silinda yanu kukadzazitsa kumtunda, ndalama ya ulendowo aitchule payokha kuti muione ndi kuivomera. Musalole kuti aibise m'kati mwa mtengo wa kilo.

Ulendo umenewo ndiwo chifukwa chachikulu chimene gasi amadulira kuchigwa. Malo akuluakulu osungira gasi ali m'mizinda, ndipo amene timagula kuno amatsika kuchokera ku Blantyre pa msewu wa M1, kudzera m'makhoto otsetsereka a ku Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenaka n'kuyamba mtunda wautali wodutsa Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50, pamene kukafika ku Nsanje ndi oposa 170. Chimene ambiri saganizira n'chakuti wonyamula gasi amanyamulanso chitsulo. Silinda yopanda kanthu imalemera pafupifupi mofanana ndi gasi amene amalowamo, ndipo iyenera kukwera phiri ili yopanda kanthu kuti idzatsike ili yodzaza. Wogulitsa thumba la shuga amalipira ulendo umodzi, koma wogulitsa gasi wa m'masilinda amalipira iwiri, ndipo theka la katundu wake ndi chitsulo chimene sagulitsa. N'chifukwa chake wamalonda amene ali ndi thanki yake yaikulu, imene galimoto ya gasi imadzaza kamodzi iye n'kumathira m'masilinda a anthu pa sikelo, amatha kugulitsa motchipa kusiyana ndi amene amakweza masilinda khumi pa lole sabata iliyonse.

Kuchuluka kwa ogula nakonso kumalowapo. Mabanja ambiri m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje amaphikirabe nkhuni ndi makala, ndipo ogula gasi ndi ochepa: aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'maofesi a boma ndi ku kampani ya shuga ya Illovo pa Nchalo, eni malesitilanti ndi malo ogona alendo. Wogulitsa amene amathira makilo ochepa patsiku amalipirabe lendi, mlonda, chiphaso ndi chozimitsira moto ngati mnzake wa ku Limbe amene pakhomo pake pamakhala mzere, kotero phindu limene mnzakeyo amalipeza pa anthu zana iye amalifuna pa anthu khumi. Ndipo pamalo pamene wogulitsa ali yekha, palibe chomukakamiza kutsitsa.

Zonsezi wogula sangazisinthe. Chimene angachite, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimapulumuka kapena kutayika, n'kuonetsetsa kuti akuyerekeza mtengo wa kilo imodzi ya gasi amene walowadi m'silinda mwake. Musamafunse kuti kudzaza silinda iyi ndi zingati. Funsani kuti kilo ndi zingati, ndipo muthira makilo angati. Tiyerekeze ndi nambala zongopeka. Wogulitsa woyamba akuti silinda ya makilo 9 ndi K36,000, ndipo akuthiradi makilo 9, kutanthauza K4,000 pa kilo. Wachiwiri akuti K34,000, koma akuthira makilo 8. Munthu wongomva nambala amathamangira kwa wachiwiriyu akusangalala kuti wapulumutsa K2,000, chikhalirecho wagula kilo pa K4,250, ndipo gasi wake atha masiku angapo msanga. Khalidwe limeneli si la kuno kokha ayi. Ngakhale ku America masilinda osinthanitsa amene amatha kulowa makilo pafupifupi 9 amagulitsidwa kawirikawiri ali ndi makilo osakwana 7, ndipo wogula amene sawerenga cholembedwa pa silindapo amaganiza kuti wapeza motchipa.

Kuti mudziwe makilo amene alowa, yang'anani pa chogwirira cha silinda yanu, chitsulo chozungulira valavu (potulukira gasi) chija, kapena paphewa pake. Pamenepo pamadindidwa kulemera kwa silinda yopanda kanthu, kawirikawiri pafupi ndi zilembo za TW kapena mawu akuti Tare. Nambala imeneyo muiphatikize ndi makilo amene mukugula, ndipo yankho lake ndilo liyenera kuoneka pa sikelo. Ngati padindidwa 10.5 ndipo mwalipira makilo 9, sikelo iwerenge 19.5. Masilinda a kukula kofanana salemera mofanana nthawi zonse, choncho musadalire nambala ya silinda ya mnansi wanu. Masilinda ambiri a kuno anapakidwa penti kangapo ndipo ena anadyeka ndi dzimbiri, kotero nambalayo imabisika. Ipaleni pang'ono ndi chikhadabo kapena kansalu konyowa kufikira ioneke, kenaka muilembe m'foni kapena pa khoma la kukhitchini.

Ndinaphunzira zimenezi nditapsa kale. Tsiku lina ndinapita ndi silinda yanga pamalo ena othira gasi pa msika wina wa m'mbali mwa M1, ndipo mnyamata wa pamenepo anailandira n'kulowa nayo kuseri kwa kontena, ine n'kutsala pabenchi ndikuzikupiza ndi chipewa. Atabwera nayo inali yozizira bwino ndiponso yolemera m'manja, ndinalipira n'kumapita. Gasiyo anatha pasanakwane masabata amene ndinazolowera, ngakhale kuti kaphikidwe ka pakhomo sikanasinthe. Ulendo wotsatira ndinati, “Achimwene, tiyambe taiika pa sikelo isanathiridwe, ndione nawo.” Iye anayankha kuti, “Bambo, sikelo yathu ndi yabwinobwino, musadandaule.” Ndinamuuza kuti sindikudandaula, ndikungofuna kuona nambala. Ataibweretsa poyera ndinaona kuti muvi wake sunali pa ziro ngakhale panalibe kanthu pamwamba pake, unali utapitirira ndi pafupifupi theka la kilo. Kaya zinali dala kaya sikeloyo inangotopa, theka la kilo limenelo ndinali kulilipira ine ulendo uliwonse.

Choncho imani pomwe pali sikelo. Onani kuti ili pa ziro isanalandire silinda, ndiponso kuti yakhala pamalo osalala, osati pa mchenga kapena pa njerwa yopendekeka. Silinda iyezedwe isanathiridwe, chifukwa nthawi zambiri mumatsala gasi pang'ono ngakhale moto utazima, ndipo wotsalayo ndi wanu, simuyenera kumugulanso. Ikadzazidwa iyezedwenso paipi yothirira itachotsedwa, popeza paipi yolendewera pa valavu imawonjezera kulemera. Masikelo a malonda amayenera kuyesedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, ndipo si mwano kufunsa wogulitsa ngati yake inayesedwa. Wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi funso limeneli. Ngati mumagula gasi mwezi ndi mwezi, kasikelo kokoleka kamene ogula nandolo ndi thonje amayenda nako kangakuthandizeni kutsimikiza mukafika kunyumba.

Pali dandaulo lina limene ndimalimva kawirikawiri ndipo pa ili wogulitsa salakwa. Munthu amagwedeza silinda yodzazidwa kumene, n'kumva madzi akukhuvuka m'kati, n'kuyamba kukalipa kuti sanamudzazire. Silinda ya gasi siidzazidwa mpaka pakamwa. Amasiya mpata wa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, chifukwa gasi wamadzimadziyu amafufuma kwambiri akatenthedwa. Kuno kuchigwa, kumene m'miyezi ya October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, mpata umenewo ndiwo umateteza nyumba yanu. Silinda yodzazidwa mopitirira m'mawa wozizira wa ku Blantyre, n'kutsika nayo masana kufika pa Ngabu ili pa dzuwa kumbuyo kwa galimoto, ingathe kuyamba kutulutsa gasi pa valavu. Wogulitsa amene akukulonjezani kuti akuthirirani yapamwamba ngati basera mumukane. Dziwaninso kuti kutentha sikuchepetsa kulemera kwa gasi m'silinda yotsekedwa bwino, kotero wina akakuuzani kuti makilo anasowa chifukwa cha dzuwa la m'njira, ndiye kuti silindayo ikudontha kapena sanathire okwanira.

Muyeneranso kusankha pakati pa kudzazitsa ndi kusinthanitsa. Podzazitsa mumabwerera ndi silinda yanu yomweyo ndipo mungathe kugula makilo amene thumba lanu likulola, ngakhale awiri kapena atatu pakati pa mwezi. Posinthanitsa mumasiya yopanda kanthu n'kutenga yodzaza kale, zimene n'zachangu, koma gasi amene anatsala m'silinda yanu amapita ulere, ndipo ogulitsa ambiri amalandira masilinda a kampani imene iwo amagwira nayo ntchito basi. Ichi n'chinthu chofunika kuchiganizira musanagule silinda yoyamba. Munthu amagula silinda yotchipa mumzinda kapena kwa wachibale wochokera ku Joni, atafika nayo kwawo n'kupeza kuti palibe amene akuilandira, kapena valavu yake sikugwirizana ndi zothirira za pamalopo, ndipo kuyambira pamenepo amakhala kapolo wa wogulitsa mmodzi kapena wa ulendo wa ku Blantyre. Yambani mwafunsa ogulitsa a pafupi ndi kwanu kuti amalandira masilinda ati, kenaka mugule. Mukasinthanitsa, onani kuti chomata cha pa valavu n'chosang'ambika, ndipo yezetsani ngakhale yabwera yomata.

Pali ena amene amagulitsa motchipa kwambiri chifukwa amathira gasi kuchokera m'silinda yaikulu ya makilo 48 kupita m'zing'onozing'ono kuseri kwa nyumba, opanda chiphaso, opanda chozimitsira moto, pafupi ndi mbaula za anthu okazinga tchipisi. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akadontha sauluka koma amayenderera pansi n'kukaunjikana m'makona ndi m'ngalande kufikira atakumana ndi moto. Pamalo otere ine sindigula, ngakhale kusiyana kwa mtengo kutakhala kotani.

Kudontha kumadyanso ndalama kunyumba mwakachetechete, ndipo munthu amanamizira wogulitsa pamene vuto lili pa paipi yake. Sungunulani sopo m'madzi, mupake thovu lake pa valavu, pa regulator (kachipangizo kolumikiza silinda ndi paipi, kochepetsa mphamvu ya gasi) ndi pamene paipi yalumikizana ndi chitofu. Pakatuluka timathovu tokula, pamenepo pakudontha. Musayese ndi machesi. Fungo loipa limene mumamva gasi akamatuluka analiika dala kuti likuchenjezeni, popeza gasi payekha alibe fungo. Kutentha kwa kuno kumaumitsa mapaipi a labala msanga mpaka kuchita ming'alu, ndipo makoswe nawo amawatafuna, choncho muziwayang'ana pafupipafupi. Lawi labwino ndi lobiriwira ngati thambo. Likayamba kufiira kapena kudetsa mapoto, timabowo ta chitofu tatsekeka ndipo gasi akupita pachabe.

Funso limene anthu a ku Nchalo ndi Ngabu amafunsa kwambiri ndi lakuti kodi si bwino kungokadzazitsa ku Blantyre. Yankho lili pa masamu omwe aja. Tiyerekezenso kuti kumtunda kilo yatsika ndi K300 poyerekeza ndi kwanu. Pa silinda ya makilo 9 mwapulumutsa K2,700, ndalama imene singakwane ngakhale ulendo wopita wokha, osawerengera kabaza wochokera pa depoti, ndalama imene kondakitala adzafune ya katundu, ndi tsiku lonse limene mwataya. Kukadzazitsa kumtunda kumapindula pokhapokha ngati muli kale ndi ulendo, kapena ngati mabanja angapo asonkhanitsa masilinda awo pa galimoto imodzi yotseguka kumbuyo. Masilindawo ayende ataimirira, atamangidwa kuti asagubuduke m'makhoto a ku Thabwa, ndipo asatsekeredwe m'buti ya galimoto yoima pa dzuwa. Eni malesitilanti amene amagula makilo ambiri mwezi uliwonse ali ndi mphamvu yonenerera, ndipo ayenera kuigwiritsa ntchito: wogulitsa amalolera kutsitsa pang'ono kwa kasitomala amene akudziwa kuti adzabweranso pa 1 mwezi wamawa.

Nyengo nayo muziiwerengera. Tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Ana mu January 2022 anadulira msewu wa M1 m'boma la Chikwawa ndi kuwononga damu la Kapichira mpaka magetsi anasowa, ndiponso mmene Freddy anachitira mu March 2023. Msewu ukaduka gasi safika, magetsi akazima anthu ambiri amathamangira gasi yemweyo, makala ndi nkhuni zimakhala zonyowa, ndipo wogulitsa amene watsala ndi masilinda asanu amatchula mtengo umene akufuna. Kwa okhala kutsidya la kum'mawa kwa Shire, ku Livunzu, Muona, Fatima ndi Makhanga, vutoli limabwera ngakhale chaka chopanda namondwe, chifukwa mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo imadula msewu wawo mvula ikangolimbika. Amene angakwanitse akhale ndi masilinda awiri, ndipo onse akhale odzaza pofika kumayambiriro kwa December. Silinda yachiwiri imadula pogula, koma imakupatsani mwayi wokana mtengo woipa n'kudikira sabata imodzi, mwayi umene munthu amene gasi wamuthera nyemba zili pamoto alibe.

Mukagula, pemphani risiti yolembedwa tsiku, makilo ndi mtengo wa kilo. Wogulitsa akapitirira mtengo wa MERA, kapena sikelo yake ikakhala yonama, yambani mwalankhula ndi mwini malowo osati mnyamata wothira yekha, chifukwa nthawi zina mwiniyo sadziwa zimene zikuchitika kuseri kwa kontena. Zikakanika, dandaulo la mtengo ndi la malo opanda chiphaso limapita ku MERA, la sikelo ku Malawi Bureau of Standards, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula amene anyengedwa pa malonda. Konseko adzakufunsani umboni, ndipo risiti pamodzi ndi chithunzi cha nambala ya pa sikelo chojambulidwa pa foni zimalankhula bwino kuposa mkwiyo.

Pomaliza sungani kabuku kakang'ono pafupi ndi chitofu. Lembani tsiku limene mwalumikiza silinda, makilo amene munagula, kumene munagula, ndalama zonse kuphatikizapo za kabaza, ndi tsiku limene gasi watha. Mukadzazitsa katatu kapena kanayi m'malo osiyana, gawani ndalama za ulendo uliwonse ndi masiku amene gasiyo anakhala, ndipo mudzaona nokha kuti ndi wogulitsa uti amene makilo ake 9 amafikadi kumapeto kwa mwezi.